Tsiku limene ndinalowetsa Sapato m'nkhuti

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene akuluakulu a m'mudzi mwathu anandinamiza bodza limene mpaka lero likundiwawa. Ambiri a iwo anagona kale, ndipo kutchalitchi amatiphunzitsa kukhululuka. Ndayesetsa ndithu. Koma ndikangonunkhiza utsi wa masamba aawisi, mtima umabwerera pomwe paja ndipo ndimapsa mtima ngati zachitika dzulo.

Mudzi wathu unali kutsidya kwa malire a Malawi, m'mapiri a kufupi ndi Ntengo-Wambalame, kumene nyengo yachisanu madzi a m'ndowa amaluma zala. Tinkalima chimanga, nyemba ndi kachewere, ndipo pafupifupi khomo lililonse linali ndi mitengo ya mapichesi. Nkhondo itafika, zonsezi tinayamba kulimira ena. Anthu a mfuti ankabwera, kufukula kachewere, kumasula mbuzi, n'kuloza amuna oti awasenzere. Bambo anga analozedwa choncho chaka cham'mbuyo mwake, ndipo sanabwerere. Anatisiyira khasu, chipewa chobooka ndi galu.

Galuyo dzina lake linali Sapato. Ali kamwana anatafuna nsapato imodzi ya bambo, yomwe ankapitira kutchalitchi, ndipo bambo atatha kumuthamangitsa mozungulira nkhokwe anangoseka n'kumupatsa dzinalo. Anali wofiirira, wowonda, khutu limodzi long'ambika ndi nguluwe. Sanali galu wokongola ayi. Bambo atatengedwa, galuyo anakhala masiku angapo panjira yotulukira m'mudzi, mutu uli pamiyendo, kenako anadzuka n'kusankha ine. Kumtsinje tinali limodzi, kudimba limodzi, ndipo pogona ankandifunditsa mapazi. Amayi ankati tikununkha mofanana.

Masiku amenewo tikamva kuti anthu a mfuti ayandikira, tinkathawira m'khwawa lina lakuya, lodzaza nsungwi, kuseri kwa phiri. Atambala tinali titadya kale onse chifukwa cha kulira kwawo. Ndiye kunabwera uthenga wochokera kumudzi wa tsidya lina. Kumeneko anthu anabisala bwinobwino, koma galu wina anatsatira fungo la mbuye wake mpaka pobisalapo, n'kuyamba kuuwa anthu a mfuti akudutsa. Ena mwa obisalawo sanabwererenso kwawo.

Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, amuna anakhala pansi pa mapichesi a kuseri kwa tchalitchi. Ana tinkamva zonse chifukwa sanatithamangitse. Anagwirizana msanga kuti agalu onse asanu ndi awiri a m'mudzimo aphedwe. Kuwamanga sikukanathandiza, pakuti galu womangidwa amalira kuposa womasuka. Kuwataya kutali nako n'kosatheka, amabwerera. Mpaka apa, ngakhale ndinkalira, sindingawatsutse. Zimene zinandiipira ndi zimene zinatsatira.

Kenako wina anafunsa kuti wopha agaluwo akhala ndani. Amuna omwe aja ankabaya nkhumba akuseka, omwe ankanyadira kuthyola khosi la gwape ndi manja, onse anayamba kuyang'ana zala za kumapazi. Uyu akuti magazi a galu wa pakhomo pako amabweretsa tsoka. Uyo akuti munthu akandiphera wanga sitidzapatsananso moni. Aliyense ankafuna agalu afe, koma panalibe wofuna kuti galu amuyang'ane m'maso akufa.

Pamenepo anaimirira a Dinizi, amene tonse tinkangowatchula kuti a Tekiniko. Anali mlendo kwathu, wotumizidwa kudzayang'anira ziweto. Panthawiyo dibi linali litauma, ng'ombe zitatengedwa, mankhwala obaya atatha kalekale. Chimene anatsala nacho chinali wotchi ya pamkono ndi kalankhulidwe ka kusukulu.

"Kalima, makamarada, kalima," anatero akukweza dzanja kuti anthu adekhe. "Apa palibe pulobulema. Ku sidadi, kutauni yaikulu kumene ndinaphunzira, agalu oyendayenda sawakhoma ndi zibonga ayi. Amawatsekera m'chipinda n'kulowetsamo gasi. Galu amayasamula, amagona, puronto. Samva kanthu, nada. Imeneyo ndiyo njira yachifundo."

"Nanga gasiyo tiitenga kuti kuno?" anafunsa atsibweni anga a Matiyasi, mchimwene wawo wa amayi.

"Makala. Mpweya wa makala pamalo potsekeka ndi gasi yomweyo."

Ndinaona ndi maso angawa nkhope za amuna aja zikumasuka. Ena anayamba kuseka, wina anatulutsa fodya. Mawu oti chifundo anawakomera kwabasi. Anawapatsa njira yophera popanda wina kutchedwa wakupha.

Atsibweni anapereka nkhuti yawo. Inali dzenje lalikulu lokumbidwa m'mbali mwa chitunda, losungiramo kachewere, ndipo inali yopanda kanthu chifukwa anthu a mfuti anali atakokolola zonse. Pamwamba anayalapo mitengo, udzu ndi dothi. Pakhomo anakonza lata lakale loti atsekere, ndipo chapansi anaboola kabowo kolowetsera utsi. Anadikira tsiku la chifunga kuti utsi usaonekere kutali. Linafika Lachitatu m'mawa, kunja kuli mbuu, munthu osaona nkhokwe ya mnzake. Amayi anali atalawirira kudimba la kudambo, mlongo wanga Zuze, khanda la miyezi isanu, ali kumbuyo.

Agalu si opusa. Amuna atayesa kuwakokera kunkhuti ndi zingwe, anakanirira miyendo pansi, ena kuluma chingwe, mmodzi anapulumuka n'kuthawira m'chimanga chouma. Ndiye wina anapeza nzeru. Anati itanani ana, agaluwa amamvera ana.

Apa ndi pamene pamandiwawa kwambiri. Atsibweni anandiitana, anagwada kuti nkhope zathu zilingane, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kundipatsa mkute wopaka mafuta a nkhumba.

"Rozina, mwana wa mlongo wanga, wamva zimene anena a Tekiniko. Akangogona basi, monga amagonera kumapazi kwako. Ukakana, tichita kumukhoma. Ukufuna zimenezo iwe?"

Sindinkafuna zimenezo. Ndinatsikira m'nkhuti muja. Munali mozizira, mukununkha dothi ndi kachewere wowola. Ndinaitana kamodzi kokha. Sapato anaima pakhomo, ananunkhiza, anayang'ana amuna aja, kenako anayang'ana ine. Anatsika akugwedeza mchira. Ndinamuikira mkute pansi, ndinamusisita khutu long'ambika lija, n'kumuuza kuti ndikubwera. Ana anzanga anachitanso chimodzimodzi ndi agalu awo, ngakhale wothawira m'chimanga uja anatuluka atamva mawu a kamtsikana ka pakhomo pake. Titatuluka, amuna anatseka lata, anatsamiritsa miyala, n'kumata m'mbali ndi matope.

Makala anali ochepa, osadzaza ngakhale phale limodzi. Ndani ankawotcha makala nthawi ya nkhondo, utsi wake ukuitana adani? Atsibweni anawayang'ana n'kupukusa mutu. Iwo anali katswiri wofukiza mbewa ndi nungu, wodziwika mpaka midzi ina, ndipo utsi umene ankaudziwa unali umodzi wokha, wochindikala, wotsokomoletsa, uja umatulutsa nyama kuuna. Anaika zitsononkho pamakalapo, anawonjezera masamba aawisi a kachewere ndi udzu wonyowa ndi mame, n'kuyamba kukupizira pakabowo kaja ndi lichero. Anati akatero zitha msanga. A Tekiniko anali chiimire pomwepo. Anaona masamba aja akuikidwa, koma anangoyang'ana wotchi yawo n'kunena kuti pakhale meya ora, ndiko kuti theka la ola.

Kenako onse anachokapo. Zimenezi muzimvetse bwino. Anthu amene ankati palibe ululu uliwonse anaona kuti n'kwabwino akadikirire kutali, kumapichesi kuja, ndipo ife ana anatituma kumtsinje kukatunga madzi omwe panalibe amene ankawafuna. Ngati kunali kugona chabe, ankathawa chiyani?

Ine sindinafike kumtsinje. Ndinasiya ndowa panjira n'kubwerera, chifukwa ndinali nditamuuza Sapato kuti ndikubwera. Ndinkaganiza kuti ndikakhala pafupi ndi lata n'kumamulankhula, agona bwino.

Ndisanafike n'komwe ndinayamba kumva. Sikunali kuuwa. Poyamba kunali kutsokomola, agalu asanu ndi awiri kutsokomola pamodzi pansi pa nthaka, kenako kulira kopyapyala kumene ndinali ndisanamvepo kwa galu. Lata lija linkagwedezeka, zikhadabo zikulikanda m'kati. M'kati mwa phokoso lonselo mawu a Sapato ndinkawazindikira. Ndinayesa kugubuduza mwala, sunasunthe. Ndinakanda matope ndi zala, utsi unandilowa m'maso ndi pakhosi, ndipo ndinadziwa ndi chifuwa changa chomwe chimene iwo ankapuma.

Ndinathamangira kumapichesi ndikukuwa kuti sakugona, sakugona, katseguleni. Atsibweni anandigwira mkono. A Tekiniko anati n'kanthawi kochepa chabe, kwatsala maminutu khumi ndi asanu, mwanayu mumugwire. Wina anati ndichepetse phokoso, ndiitana anthu a mfuti. Mkwiyo unanditsekula pakamwa.

"Nanga Zuze? Nayenso amalira kukhwawa kuja. Mumulowetsa liti m'nkhuti kuti agone?"

Khofi limene atsibweni anandimenya linanditseka khutu masiku atatu. Sindinadandaule nalo ndipo sindidandaula nalo. Linandisonyeza kuti funso langa analimva.

Kukuwa kwanga kunafika kudambo. Amayi anatulukira m'chifunga muja akuthamanga, khasu lili m'manja, Zuze akudumphadumpha kumbuyo. Amayi anga sanali munthu wolongolola. Anali wamfupi, wosalankhula pamaso pa amuna, ndipo mchimwene wawo ankamuopa monga mwa mwambo. Anayang'ana tsaya langa, anatchera khutu cha kunkhuti, n'kulunjika komweko osafunsa munthu. Atsibweni anawatsekera njira.

"Nangozo, zimenezi tinapangana pamsonkhano."

"Achimwene, chokani. Munapangana kupha. Izi mukuchitazi n'chiyani?"

Anakankha phale la moto ndi phazi, analowetsa khasu kuseri kwa mwala n'kuugubuduza, wachiwirinso chimodzimodzi. Lata linagwa, utsi unatuluka tolotolo, wachikasu, wonunkha. Panthawiyo m'kati munali mutayamba kukhala chete.

Utsi utachepa tinaona. Agalu onse anali ataunjikana pakhomo, wina pamwamba pa mnzake. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anadzipinda monga agonera galu. Dothi la m'mbali mwa khomo linali litakumbidwa mpaka kuya kwa mkono, lata linali ndi mizere ya magazi, zikhadabo zitazuka. Mkute uja unali pomwe ndinausiya, wolumidwa kamodzi kokha. Asanu anali atafa, malilime ali kunja. Awiri ankapumabe. Sapato anali atalowetsa mphuno pakamng'alu kamene ndinakanda ine ndi zala, ndipo n'chifukwa chake anachedwa kufa.

Ndinamukokera panja. Ndinkakhulupirira kuti wapulumuka. Koma miyendo yake sinkagwira, maso anali ofiira osaphethira, thovu la magazi likutuluka m'mphuno, ndipo mpweya uliwonse ankaukoka ndi thupi lonse. Ndinamutchula dzina. Mchira unagunda pansi kamodzi. Ndikanakonda akanandiluma.

Amayi anatembenukira amuna aja, omwe anali ataima chapatali.

"Bwerani kuno nonse. A Tekiniko, senderani pafupi mudzaone tulo tanu. Tandiuzani, ku sidadi kwanuko, m'chipinda cha gasicho munalowamo? Munasuzumiramo?"

A Tekiniko anasisita wotchi yawo. "Ayi mama, kulowamo ayi. Anatifotokozera a pulofesoro. Ife tinkangoona chitseko." Kenako anapeza pothawira. "Komanso ine ndinati makala okha. Masambawa si ine."

"Makala ake ati?" anakalipa atsibweni. "Si inu munaima pano mukuona?"

Anayamba kulozana zala, galu akufa pamapazi pawo. Amayi anawadula pakamwa n'kufunsa kuti ndani amalize awiri otsalawa. Amuna khumi ndi angapo, ena ndi nkhwangwa paphewa, onse anangoima pomwe anali.

Amayi anamangitsa nsalu ya Zuze, anatembenuza khasu kuti chigogo cha mpini chikhale kutsogolo, n'kugwada pafupi nane.

"Rozina, uyu sachira. Ngakhale akanachira, kukhwawa sitikanapita naye. Sindikunamiza, ndimupha ine, pompano. Ukafuna pita kunyumba, palibe akunene. Ukafuna khala umugwire."

Ndinakhala. Ndinaika dzanja limodzi pachifuwa pake, lina ndinamuphimba nalo maso, ndipo ndinkamuuza kuti ndabwera, ndabwera. Amayi anamenya kamodzi kuseri kwa makutu. Thupi linanjenjemera pang'ono pansi pa dzanja langa n'kumasuka. Sizinatenge nthawi yoti munthu ameze malovu. Anapita kwa galu winayo, anamusisita kaye pamutu, n'kuchita chimodzimodzi. Atatha anapukuta mpini ndi udzu. Anauza amuna aja kuti kukumba dzenje mwina angakwanitse.

Ndinakhala sabata yathunthu osawalankhula amayi. Mwana sasiyanitsa msanga, ndinkangoona kuti dzanja lomaliza linali lawo. Iwo sanandinyengerere, sanapepese, ankangondiikira chakudya. Tsiku lina tikusenda nyemba anangoti, osandiyang'ana, "Bambo ako akanachita momwe ndinachitira ine, koma akanachita poyamba pomwe." Ndinalira pamiyendo pawo mpaka nyemba zinatayika.

Ndinene zoona zonse, ngakhale zimene sizikometsa mkwiyo wanga. Patapita masiku ochepa anthu a mfuti anabweradi. Tinathawira m'khwawa muja, iwo anadutsa pamwamba penipeni, tikumva mapazi awo ndi kukhosomola kwawo. Zuze anali ndi bere m'kamwa, amayi atamupanikiza pachifuwa. Sanatipeze. Pakanakhala galu, mwina sindikanalemba izi. Choncho sindinena kuti agalu aja akanasiyidwa. Ndikudziwanso kuti makala okhaokha amapha mwakachetechete, pakuti kwathu kozizira kuno tinaikapo anthu amene anagona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Mwina a Tekiniko akanakhala ndi thumba lathunthu la makala, zinthu zikanayenda mosiyana. Mwina. Koma iwo sankadziwa, ndipo sanafune kudziwa. Analonjeza chinthu chimene sanachionepo, anaona chikupotoka, n'kusankha kuyang'ana wotchi.

Chaka chomwecho tinawolokera ku Malawi monga anachitira ambiri, ndipo nkhondo itatha tinabwerera, ine n'kukwatiwa ku Chidzolomondo, kumene ndikukhala mpaka pano. Atsibweni ndinawasamala pa matenda awo omaliza, ndinawamwetsa phala ndi dzanja langa, koma za nkhuti sitinakambepo. A Tekiniko sindikudziwa kumene anathera.

Chandikumbutsa zonsezi ndi mwana wanga wamwamuna, amene amagwira ntchito m'tauni. Atabwera kudzationa anandipeza ndikupha nkhuku, ndipo anatembenuza nkhope. Anati mayiko ena anasiya zankhanza zoterezi, ziweto amazilowetsa m'chipinda cha gasi, zimangogona. Mawu omwe aja, ngati wachita kuwatola pansi pa mapichesi. Mpeni uli m'manja ndinamufunsa ngati anasuzumiramo. Anati ayi, anangomva. Ndinamukalipira kuposa mmene analakwira, mpaka mkazi wake anadabwa kuti apongozi alowa chiyani.

Gasi wa m'makina awo sindimudziwa, ndipo sindinganene kuti yense ndi wofanana ndi utsi wa atsibweni. Kapena alipo wogonetsadi. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu akandiuza kuti njira yakutiyakuti yophera ndi yachifundo, ndimayang'ana kumene iyeyo waima. Ngati waima pafupi, maso ali pa nyamayo mpaka mpweya womaliza, ndimamumvera. Ngati pakati pa iye ndi nyamayo pali chitseko, ndimafuna kudziwa kuti chitsekocho chikuteteza ndani. Tsiku lija chifundo chinalipo chambiri, koma chonse amuna aja anadzichitira okha. Agalu sanalandireko, ndipo ife ana anatigwiritsa ntchito ngati nyambo. Munthu mmodzi yekha amene anachitira Sapato chifundo ndi amene anavomera kuti magazi amugwere pampini, n'kundiuza zoona asanamenye.

Pakhomo panga pali agalu awiri. Amadya bwino, ana anawapatsa maina, ndipo alendo amati ndi agalu okondwa. Koma chakudya chawo ndimangowaikira pansi n'kuchokapo. Kuyambira m'mawa wa chifunga uja sindinaitanenso galu ndi dzina lake, chakudya chili m'manja.